Mbiri ya Oyang'anira Makompyuta: M'mene Luso Lidasiyanirana ndi Satifiketi

M'nkhani yathu ya lero tikamba za gulu la anthu amene ambirife sitidaŵaonepo ndi maso, ngakhale kuti ntchito yawo imatikhudza tsiku ndi tsiku. Mlimi akagulitsa mtedza nalandira ndalama zake pa foni, mphunzitsi akapita ku banki pakutha pa mwezi, kapena mayi akakalembetsa chiphaso cha unzika, onseŵa amadalira makompyuta aakulu otchedwa maseva, amene amakhala m'zipinda zozizira zokhoma, kutali ndi kumene anthu aima pa mzere. Makina ameneŵa sadzisamala okha ayi. Pali munthu amene amaikamo mapulogalamu, amene amagamula za oyenera kuloŵamo ndi osayenera, amene amasunga padera makope a zonse zolembedwamo, ndipo makina akaima pakati pa usiku ndiye amadzutsidwa. Ameneyu ndiye woyang'anira makompyuta. Kalaliki wa pa zenera akakuuzani kuti netiweki palibe, mubwere maŵa, dziŵani kuti kwinakwake munthu wotereyu ali kalikiliki kufunafuna vuto, ndipo kufulumira kapena kuchedwa kwake kwagona pa m'mene adaphunzirira.

Kwa zaka zoposa 20 tsopano akatswiri akale a ntchitoyi akhala akudandaula kuti maphunziro ake adaloŵa pansi. Dandaulo loti ana a masiku ano sadziŵa ntchito ndi lakale ngati dziko lomwe, choncho nkoyenera kuliyesa tisanalivomereze. Njira yoliyesera ndiyo kubwerera m'mbuyo, kuti tione m'mene anthuŵa ankaphunzirira kale, ndi chimene chidasintha pambuyo pake.

Tiyambire mumzinda wa Philadelphia ku America, kumene m'chaka cha 1946 adaonetsa poyera kompyuta yotchedwa ENIAC. Chinali chimakina chodzaza chipinda, cholemera matani pafupifupi 30, chokhala ndi mababu pafupifupi 18,000 onga aja a m'wailesi zakale. Ntchito yochikonzera masamu oti chiŵerengere idapatsidwa kwa amayi 6, ndipo ena mwa iwo anali Betty Snyder, Jean Jennings ndi Kay McNulty. Sukulu yophunzitsa zimenezi kunalibe, buku kunalibenso. Amayiŵa adangopatsidwa mapepala osonyeza m'mene mawaya adalumikizidwira, ndipo adaŵaŵerenga mpaka kudziŵa njira ya magetsi kuchokera pamene nambala iloŵera kufikira pamene yankho litulukira. Chifukwa cha kuphunzira kotereku, makina akasokonezeka iwo ankatha kulondola vuto mpaka kufika pa babu limodzi limene lapsa. Kuyambira pachiyambi pomwe, wokonza kompyuta anali munthu wodziŵa za m'kati mwake.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 makompyuta adayamba kuloŵa m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi a maboma. Kampani ya IBM ndiyo inali patsogolo, makamaka italengeza makina ake a System/360 m'chaka cha 1964. Popeza mitengo inali yokwera zedi, ambiri ankangochita lendi makinawo, ndipo m'ndalama za lendizo munali kale maphunziro a antchito pamodzi ndi akatswiri a kampani obwera kudzathandiza. Mnyamata kapena mtsikana ankayamba ngati wothandiza m'chipinda cha makina, kaŵirikaŵiri m'chigawo cha usiku. Ankanyamula makadi obooledwa, kumanga matepi ndi kuchotsa mapepala pa makina osindikizira. Makina akaima, iye ankaimirira kumbuyo kwa mkulu wake ndi kuona m'mene akufufuzira. Pakapita zaka ankamulola kugwira yekha, monga momwe mwana wa pa galaji amayambira kupatsira masipanala asanaloledwe kumasula injini. Panali makwerero, ndipo munthu ankakwera phazi ndi phazi. Koma mu Juni 1969 IBM idalengeza kuti mapulogalamu, chithandizo cha akatswiri ndi maphunziro ambiri azilipiridwa padera. Kuyambira pamenepo maphunziro a kompyuta adasanduka malonda okhala ndi mtengo wake.

Chaka chomwecho cha 1969, ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adayamba kupanga pulogalamu yoyendetsa kompyuta yotchedwa Unix. Eni ake a Bell Labs, kampani ya matelefoni ya AT&T, ankaipereka ku mayunivesite pa mtengo wochepa pamodzi ndi malemba ake onse, ndiye kuti malangizo enieni amene opanga aja adalemba, koma popanda lonjezo lakuti adzathandiza ikavuta. Wolandira Unix ankayenera kudziphunzitsa yekha kapena kufunsa anzake. M'chaka cha 1975 ogwiritsa ntchito pulogalamuyi adayamba bungwe limene pambuyo pake lidatchedwa USENIX, kuti azikomana ndi kuuzana mavuto awo ndi mankhwala ake.

Ku Australia, mphunzitsi wa pa yunivesite ya New South Wales, John Lions, adaona kuti phata la Unix linali la mizere yosafika 10,000, yoti wophunzira wakhama nkuiŵerenga yonse. M'chaka cha 1977 adalemba buku lofotokoza mizereyo chigawo ndi chigawo, ndipo ophunzira ake ankatuluka akudziŵa chifukwa chimene makina amachitira chilichonse chimene amachita. Mwayi umenewu sudakhalitse. Potulutsa Unix yatsopano m'chaka cha 1979, AT&T idaletsa kuphunzitsa malembawo m'kalasi, poti tsopano inkaŵaona ngati chinsinsi cha malonda. Buku la Lions lidayenda mobisa, anthu akumajambulitsana makope otuŵa osaoneka bwino, mpaka lidaloledwa kusindikizidwa poyera m'chaka cha 1996. Apa tikuona chitseko choyamba chikutsekedwa: wophunzira adayamba kuuzidwa kuti agwiritse ntchito makina, koma asasuzumire m'kati.

Ngakhale zinali choncho, mwambo wophunzira pogwira ntchito udapitirira. Pa yunivesite ya Colorado ku Boulder panali mayi wina, Evi Nemeth, amene ankatenga ophunzira achichepere ndi kuŵapatsa makompyuta enieni a pasukulupo kuti aziŵasamala iye akuyang'anira. Ankapita nawonso ku misonkhano ikuluikulu kuti akayale mawaya ndi kulumikiza makina a pamsonkhanopo. M'chaka cha 1989, pamodzi ndi Garth Snyder ndi Scott Seebass, adatulutsa buku lotchedwa UNIX System Administration Handbook, limene lidasanduka mphunzitsi wa mibadwo ingapo ya oyang'anira makompyuta. Mayiyu adathandizanso kuphunzitsa akatswiri a m'maiko osauka pamene intaneti inkayamba kufalikira. Adasoŵa pa nyanja m'chaka cha 2013, ngalaŵa imene adakwera itazimirira pakati pa New Zealand ndi Australia. Pa nthaŵi yomwe buku lake linkakonzedwa, m'chaka cha 1987, USENIX idayambitsa msonkhano wa chaka ndi chaka wa oyang'anira makompyuta wotchedwa LISA, kumene odziŵa ankaphunzitsa atsopano maso ndi maso. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Tisakometse zakale mopitirira muyeso. Njira imeneyi inali yapang'onopang'ono, ndipo inkafikira okhawo amene anali ndi mwayi wokhala pafupi ndi makina okwera mtengo, m'mayunivesite ndi m'makampani a maiko olemera. Akatswiri ena ankaumira nzeru zawo, osalemba kanthu, kuti ofesi isathe kuyenda popanda iwo. Mnyamata wanzeru wa ku Accra kapena ku Lusaka analibe khomo loloŵera. Tsono pamene makompyuta aang'ono adadzaza m'maofesi, IBM itatulutsa kompyuta yake ya patebulo m'chaka cha 1981, padafunika anthu zikwizikwi oti alumikize makinawo ndi kuŵasamala, ndipo njira yakale sikadatha kuŵatulutsa pa nthaŵi yake.

Makampani ogulitsa mapulogalamu ndiwo adadza ndi yankho. Novell ya ku Utah idatsogola ndi satifiketi yake ya CNE, ndipo Microsoft idatsegula dongosolo lake la masatifiketi m'chaka cha 1992, limene lidabala satifiketi yotchuka ya MCSE. Cholinga chake chinali chabwino ndithu. Wolemba anthu ntchito, amene iye mwini sadziŵa za makompyuta, adapeza chizindikiro chomuthandiza kusankha. Munthu wopanda digiri, kulikonse kumene anali pa dziko lapansi, adapeza njira yosonyezera kuti akudziŵa kanthu. Ambiri amene lero ndi akatswiri enieni adaloŵera pa khomo limeneli, ndipo sitiyenera kuŵanyoza.

Vuto lidagona pa kayesedwe kake. Kuti munthu apate MCSE ya Windows NT 4.0 ankalemba mayeso 6, ndipo mafunso ambiri anali osankha yankho pa mayankho angapo olembedwa kale. Mayeso otereŵa amayesa ngati munthu angazindikire yankho ataliona. Koma seva ikaima usiku sipereka mayankho anai oti usankhepo limodzi. Imangokhala chete, ndipo woyang'anira ayenera kudzifunsa yekha mafunso oyenera, kuŵerenga kaundula wa zimene makina adachita asanaime, ndi kuyesa chimodzichimodzi mpaka atapeza pamene pavuta. Luso limeneli mayeso aja sankalikhudza.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene malonda a intaneti anali pa chimake ndipo malipiro a ntchitoyi adakwera, kudabuka sukulu zachangu zolonjeza satifiketi m'milungu iŵiri yokha. Kudabukanso malonda a mafunso obedwa. Olemba mayeso ankaloŵeza mafunso ndi kukaŵalemba akatuluka, ena nkumaŵasonkhanitsa ndi kuŵagulitsa pamodzi ndi mayankho ake. M'chaka cha 2002 munthu wina ku America adavomera m'bwalo la milandu kuti ankagulitsa mafunso a mayeso a Microsoft, ndipo adalamulidwa kukakhala m'ndende chaka chimodzi. Akatswiri adayamba kutchula omaliza maphunziro otere kuti ndi a MCSE a papepala, kutanthauza munthu amene khoma lake ladzaza masatifiketi koma sadatsegulepo seva chibadwire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Padalinso kusintha kwina kosaonekera msanga. Mwini katundu akakhala ndiye mphunzitsi, amaphunzitsa katundu wakeyo. Maphunziro adayamba kulunjika pa malo odina ndi maina a zinthu za kampani imodzi, m'malo mwa maziko amene sasintha, monga m'mene uthenga umayendera pa mawaya, m'mene makina amasungira zolembedwa, ndi m'mene dzina la malo a pa intaneti limasandukira nambala. Katundu akasinthidwa, nzeru zotere zimatha ntchito. Pa 31 Januwale 2021 Microsoft idathetsa mayeso a MCSE ndi anzake, niika ena m'malo mwake. Chonsecho malamulo a TCP/IP oyendetsera uthenga, amene adakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1983, akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo malamulo ambiri a Unix a m'ma 1970 akadalipo mu Linux, imene Linus Torvalds adayamba ku Helsinki m'chaka cha 1991, ndipo ndiyo ikuyendetsa maseva ochuluka a pa intaneti. Wophunzira maziko zaka 30 zapitazo sadataye kanthu.

Pambuyo pake makwerero aja nawonso adayamba kuthyoka. Makampani ambiri adapereka ntchito zoyambira kwa makampani ena apadera, nthaŵi zina a kutsidya kwa nyanja, kumene wantchito amayankha telefoni motsata pepala la malangizo ndipo saloledwa kupatuka. Kenaka m'chaka cha 2006 kampani ya Amazon idayamba kubwereketsa maseva ake kudzera pa intaneti, njira imene lero imatchedwa mtambo. Ubwino wake ngwoonekeratu, pakuti ofesi yaing'ono ingathe kupeza makina amphamvu m'mphindi zochepa popanda kugula kanthu. Koma chipinda cha makina, chimene chinali sukulu ya wachinyamata, chidachoka pa ofesi nkupita kutali kumene iye sadzafikako. Ntchito zing'onozing'ono zimene munthu ankaphunzirirapo, ndi kulakwirapo popanda kuwononga zambiri, tsopano zikuchitidwa ndi mapulogalamu. Ngakhale msonkhano wa LISA uja udachitika komaliza m'chaka cha 2021.

Zimenezi adaziona kale mayi wina wa ku Britain wofufuza za anthu ogwira ntchito ndi makina, Lisanne Bainbridge, m'nkhani imene adalemba m'chaka cha 1983 yokhudza mafakitale. Iye adasonyeza kuti makina odziyendetsa okha amalanda munthu ntchito zosavuta ndi kumusiyira zovuta zokhazokha, zimene zimadza mwakamodzikamodzi. Koteroko pa tsiku limene luso lake lifunika koposa, munthuyo amapezeka kuti manja adazizira chifukwa chosoŵa pozoloŵerera. Iye adalangiza kuti antchito otereŵa amafunika maphunziro ochuluka kuposa kale, pamene olemba ntchito ambiri amaganiza kuti makina akachenjera, maphunziro angachepetsedwe.

Zochitika za m'chaka cha 2017 zidatsimikiza mfundo yake. Pa 31 Januwale, katswiri wina wa kampani ya GitLab, atatopa ndi ntchito ya usiku, adafufuta zolembedwa pa seva yeniyeni akuyesa kuti ali pa inzake. Kulakwa kotere kungagwere aliyense. Chodabwitsa chinali chakuti kampaniyo inali ndi njira 5 zosungira makope apadera, koma itazifuna idapeza kuti palibe imene inkayenda bwino, popeza sankaziyesa. Adapulumukira pa kope limene lidatengedwa maola 6 ngoziyo isanachitike, ndipo zolembedwa za maola amenewo zidatayika. Patangopita mwezi umodzi, pa 28 Febuluwale, wantchito wa Amazon adalakwitsa polemba lamulo, nazimitsa maseva ambiri kuposa amene ankafuna. Malo ochuluka a pa intaneti adasokonezeka kwa maola pafupifupi 4, ndipo kampaniyo idavomera kuti zigawo zina za makinawo zinali zisanazimitsidwepo ndi kuyatsidwanso kwa zaka zambiri, nchifukwa chake zidachedwa kudzuka. Anthu a m'makampani aŵiriŵa anali odziŵa ntchito. Chimene chidasoŵa ndi chizoloŵezi choyeseza ngozi isanagwe, ndipo chizoloŵezi chimenechi sichiphunziridwa posankha mayankho.

Pa 19 Julayi 2024 pulogalamu yolakwika ya kampani ya CrowdStrike idaimitsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni oyendera Windows, malinga ndi chiŵerengero cha Microsoft. Ndege zidalephera kunyamuka, ndipo zipatala ndi mabanki adavutika m'maiko ambiri. Makina ochuluka sakadakonzedwa munthu ali kutali. Padafunika woti afike pa kompyuta iliyonse, aiyatse mwa njira yapadera, ndi kuchotsa ndi manja fayilo imodzi yovutayo. Tsiku limenelo dziko lidakumbuka kuti pansi pa mtambo pakufunikabe anthu odziŵa kugwira makina.

Kuno kwathu nkhaniyi siyachilendo. Kuchiyambi kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malaŵi idaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adaloŵerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira ndi amalonda a m'malire adaima njira. Pa nthaŵi yotere mtundu umazindikira kuti kugula makina ndi chinthu china, kukhala ndi ana ake odziŵa kuŵadzutsa akagwa ndi chinanso.

Nanga kodi njira yabwino idafa? Iyayi, ndipo apa mpamene mbiriyi ikutipatsa chiyembekezo. M'chaka cha 1993 kampani ya Cisco idayambitsa satifiketi ya CCIE, imene mayeso ake poyamba anali a masiku aŵiri m'chipinda cha makina enieni. Woyesedwa ankalumikiza makina motsata zimene wauzidwa, kenaka oyesa ankaŵasokoneza dala, iye nkufufuza zimene zaonongeka. Kuyambira m'chaka cha 2001 mayesoŵa adakhala a tsiku limodzi, a maola 8. Nayonso Red Hat m'chaka cha 1999 idayamba satifiketi ya RHCE, imene woyesedwa amapatsidwa kompyuta ndi ntchito zoti achite, ndipo amakhoza pokhapokha makinawo akayendadi. Masatifiketi aŵiriŵa adasunga ulemu wawo, chifukwa mayankho oloŵeza sakwanira pamene makina akudikira kukonzedwa. Muno mu Africa, bungwe la AfNOG, limene lidachita msonkhano wake woyamba ku Cape Town m'chaka cha 2000, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa ndi Nii Quaynor wa ku Ghana, lakhala likusonkhanitsa achinyamata a maiko osiyanasiyana kwa masiku angapo, aliyense pa makina ake, akumanga ndi kukonza pamaso pa akatswiri odzipereka. Umenewu ndi mwambo uja wa Lions ndi Nemeth, utafika kwa amene kale adatsekeredwa kunja.

Tsono dandaulo la akatswiri akale tiliweruze bwanji? Mbiri ikusonyeza kuti achinyamata a lero sali operewera nzeru, ndipo mabuku ndi malemba a mapulogalamu amene kale ankabisidwa tsopano akupezeka mwaulere kwa aliyense wokhala ndi intaneti. Chimene chidaloŵa pansi ndicho kuphunzitsa kwa munthu ndi munthu pa makina enieni, pamodzi ndi mayeso otsimikiza kuti manja akudziŵa zimene pakamwa pakunena. Paliponse pamene ziŵirizi zidasungidwa, luso silidatsike.

Mfundo imeneyi ili ndi ntchito kwa inu omvera. Inu makolo amene mwagulitsa ng'ombe kapena fodya kuti mwana akaphunzire za makompyuta, musanalipire kafunseni kusukuluko kuti ophunzira angati amagaŵana kompyuta imodzi, ngati amaloledwa kuimasula, kuifufuta ndi kuikamo zonse mwatsopano, ndiponso ngati mayeso ake ali ndi chigawo chogwira ndi manja. Inu olemba anthu ntchito, satifiketi muione, koma pambuyo pake mukhazikeni munthuyo pa kompyuta yosokonezedwa dala, mumpatse ola limodzi, ndipo mumvetsere mafunso amene akudzifunsa. Pa ofesi panu lamulani kuti makope apadera aziyesedwa nthaŵi ndi nthaŵi, pobwezeretsa zolembedwazo pa makina ena, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Inunso akatswiri amene tsitsi layamba kuyera, khalani ndi wachinyamata pambali panu makina akavuta, ndipo nthaŵi zina mumsiyire mpando iye alembe lamulo, inu mukuyang'ana. Kompyuta yakale yotayidwa m'nyumba yosungiramo katundu, itaikidwa Linux ndi kuperekedwa kwa wophunzira kuti aiononge ndi kuikonza kambirimbiri, ingathe kumphunzitsa zimene milungu iŵiri ya kuloŵeza siingamphunzitse.

Nkhani yathu ya lero yathera pamenepa.